Kodi m'silinda ya gasi anakuthirirani madzi?

Amayi ena a ku Chilenje anditumizira imelo atakwiya. Akuti malasha akwera mtengo, malaiti nawonso amangozimazima, ndiye anagula gasi wa makilogalamu 9. Ataigwedeza silindayo anamva khuvu khuvu m'katimo. Akufunsa ngati ogulitsawo sanawathirire madzi.

Amayi, mtima m'malo. Chimene chikukhuvukacho ndi gasi yemweyo.

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso. M'chitsulo cha silinda yanu tizidutswato tinagwirana nji, n'chifukwa chake sichisintha maonekedwe. M'zinthu zamadzimadzi timakhala tothinana koma totha kuyendayenda. Mumpweya timatalikirana kwambiri, ndiye mpweya umatheka kuupanikiza. Nkhani yagona pamenepa.

Gasi wophikira amakhala propane ndi butane. Propane amawira pa madigiri 42 kunsi kwa ziro, butane pafupi ndi ziro, choncho panja pano onse ndi mpweya. Koma akawapanikiza m'silinda amasanduka amadzimadzi, ndipo lita imodzi ikatuluka imapereka malita pafupifupi 250 a mpweya. Akanapanda kuwapanikiza, makilogalamu 9 anuwo akanafuna migolo ngati 20 ya malita 200. Mukanakwera nayo bwanji minibasi?

Mukatsegula vavu, gasi wa m'katimo amayamba kuwira, ndipo kutentha kowiritsirako amakutenga kuchitsulo. Tsiku lina mukamaphika nyemba kwa nthawi yaitali, mudzagwire silinda chakumunsi. Mudzaipeza yozizira, mwinanso italenga mame, ndipo pamene mamewo alekezera ndi pamene gasi wafika.

Komanso saidzaza mpaka pakamwa. Amalekezera pa maperesenti pafupifupi 80 chifukwa gasi wamadzimadziyu amafufuma kukatentha. Ndi dzuwa la mu Okutobala muno mu Lusaka, mpata umenewo ndi wofunika, ndipo silinda musamaisiye padzuwa.

Ngati mukukayikira kuti ogulitsa anakuchepetserani gasi, khutu silingakuthandizeni, pezani sikelo. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kunalembedwa pa silinda pomwepo. Muwonkhetse ndi makilogalamu 9, muone ngati zikugwirizana ndi zimene sikelo ikuonetsa. Ine ndimakonda kuti ayeze ndikuona ndisanalipire.

China chimene sindingachisiye: gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Akamatuluka mwangozi sakwera kudenga, amadikha pansi. Mukamva fungo lake, lomwe amachita kuthiramo dala, tsekani vavu, musayatse machesi kapena kukhudza switchi, ndipo mutsegule chitseko, osati zenera lokha.