Mafunso Anu: Malikisi, khungu ndi malo m'sukulu za udokotala ku America

Akonzi, ndamva kuti ku America anthu akuda akhala akulowa sukulu za udokotala ndi malikisi ochepa, pomwe azungu ndi ochokera ku Asia okhoza bwino akutsala. N'zoona? Nanga limeneli si tsankho? — Mphunzitsi wa sayansi

Aphunzitsi, tisabise mawu: mukaphatikiza onse amene amasankhidwa, malikisi a ophunzira akuda amakhala otsikirapo poyerekeza ndi a azungu ndi a ku Asia. Koma tiyambe taona mayesowo.

Kumeneko wofuna udokotala amayamba waphunzira digiri ya zaka zinayi, ndipo chakumapeto kwake kapena ataimaliza amalemba mayeso otchedwa MCAT. Ali ndi zigawo zinayi: kemisitiri ndi fizikisi, bayoloje, za maganizo ndi chikhalidwe cha anthu, komanso kuwerenga nkhani n'kuisanthula. Mafunso onse ndi 230, ndipo wolemba amakhala m'chipindamo maola oposa asanu ndi awiri. Chigawo chilichonse chimayambira pa malikisi 118 kulekeza 132, ndiye onse pamodzi amakhala pakati pa 472 ndi 528. Pakatikati ndi 500, ndipo ambiri amene amapeza malo amakhala cha m'ma 511.

Funso lenileni ndi lakuti, kodi wa 515 adzakhala dokotala wabwino kuposa wa 507? Mayesowa amalosera bwino ndithu mmene munthu adzakhozere mayeso ena a m'kalasi. Amene watsika kwambiri amavutikadi, n'chifukwa chake sitigwirizana ndi onena kuti angothetsedwa. Koma munthu akadutsa mzere wina wake, kusiyanako kumachepa mphamvu: ochuluka zedi mwa amene alowa ndi malikisi opitirira 500 amamaliza maphunziro. Kumvetsera wodwala, kumufotokozera matenda mpaka amve, kulolera kukagwira ntchito kudera losauka, zimenezi MCAT siziona.

Komanso malikisi amatsata thumba. Wina amawerenga miyezi itatu osagwira ntchito, atalipira maphunziro apadera a madola masauzande. Mnzake amawerenga usiku ataweruka kuntchito, ndipo kungolembetsa mayesowo n'kopitirira madola 300. Pafupifupi atatu mwa ophunzira udokotala anayi alionse ku America amachokera m'mabanja opeza bwino, a m'magulu awiri apamwamba mukagawa mabanja onse m'magulu asanu. Mafunso a MCAT sasankha khungu, koma njira yofikira pa mayesowo ndi imene siyofanana.

Pa za tsankho: mwana wa ku Asia amene makolo ake ndi osauka, wakhoza 518 n'kutsala, dandaulo lake n'lomveka ndipo lisamanyozedwe. Kumene timasiyana ndi otsutsa n'kuganiza kuti malikisi okha ndiwo chilungamo.

Kodi ndi kota, kuti malo akutiakuti ndi a anthu akuda? — Wowerenga wina

Ayi, kota inaletsedwa kalekale. Sukulu ya udokotala ya University of California ku Davis inkapatula malo 16 mwa 100. Mzungu wina, Allan Bakke, atakanidwa mu 1973 ndi 1974, anakasuma, ndipo mu 1978 Khoti Lalikulu linagamula kuti kupatula malo n'kosaloledwa, koma mtundu wa munthu ungaganiziridwe ngati chimodzi mwa zinthu zambiri. Mu 2003 khotilo linakananso njira ya University of Michigan yowonjezera mapointi 20 mwa 150 chifukwa cha mtundu. Zimene zinatsala, zomwe amazitcha affirmative action, zinali kuyang'ana munthu yense: malikisi, makalata a aphunzitsi, ntchito zimene wagwirako kuchipatala, kumene wachokera, ndi mtundu wake.

Kuganizira mtunduko nakonso kunatha pa 29 June 2023, pa mlandu wa Harvard ndi University of North Carolina. Mkulu wa oweruza, John Roberts, anasiya khomo limodzi lokha: wopempha malo angalembe mmene tsankho lakhudzira moyo wake, ndipo sukulu ingaone kulimba mtima kwake, osati khungu. Chaka chotsatira, chiwerengero cha ophunzira akuda oyamba udokotala chinatsika ndi oposa 10 pa 100 alionse.

Bwanji osangoiwala zakale, aliyense n'kupikisana payekha? — Kholo

Chifukwa zakalezo zikuonekabe pa chiwerengero cha lero. Mu 1910 lipoti la Abraham Flexner, lounika maphunziro a udokotala, linachititsa kuti sukulu zambiri za udokotala zitsekedwe. Mwa sukulu zisanu ndi ziwiri zophunzitsa anthu akuda munatsala ziwiri zokha, Howard ndi Meharry, panthawi imene sukulu zambiri za azungu sizinkawalandira. Bungwe lalikulu la madokotala, American Medical Association, linapepesa mu 2008 chifukwa chosala madokotala akuda zaka zambiri. Lero anthu akuda ndi pafupifupi 13 pa 100 alionse m'dzikomo, koma mwa madokotala sakwana 6 pa 100. Chimene chimatiwawa kwambiri ndi ichi: amuna akuda amene anayamba udokotala mu 2014 anali 515, ochepa kuposa 542 a mu 1978.

Wodwala zimamukhudza bwanji? Dokotala ndi dokotala basi. — Namwino

Anamwino, mukudziwa nokha kuti mankhwala amagwira ntchito wodwala akawalola. Pa kafukufuku wa ku Oakland amene anasindikizidwa mu 2019, amuna akuda ankapatsidwa dokotala mwa maere, wakuda kapena wa mtundu wina. Amene anakumana ndi dokotala wakuda ankavomera kwambiri kuyezedwa shuga ndi mafuta a m'magazi, kuyeza kofuna kubayidwa, kumene munthu salola ngati sakukhulupirira womuyezayo.

Tichenjezenso. Kafukufuku wina wa mu 2020 anati makanda akuda ku Florida amapulumuka kwambiri akasamalidwa ndi dokotala wakuda, ndipo anatchuka zedi. Ena ataunikanso mu 2024 anapeza kuti kusiyanako kumatsala pang'ono kutheratu mukawerengera makanda obadwa ochepa thupi kwambiri, omwe ambiri ankaonedwa ndi madokotala achizungu. Amene akufuna madokotala akuda achuluke asatsamire umboni wofooka, ulipo wolimba.

Ndipo khomo lotulukira ndi limodzi. Kaya munthu analowa ndi 505 kaya 520, sapatsidwa chilolezo asanakhoze mayeso a dziko lonse otchedwa USMLE, amene ali ndi magawo atatu, n'kuphunziranso ntchito m'chipatala kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo.

Ndiye sukulu zingatani tsopano, poti lamulo latseka? — Wophunzira

California inaletsa kuganizira mtundu m'sukulu za boma kuyambira 1996, choncho njira zina zinayesedwa kale. Sukulu ya ku Davis ija imapatsa wopempha aliyense nambala yoyambira 0 mpaka 99 yosonyeza mavuto amene wakulira: ndalama za banja, maphunziro a makolo, ngati ankagwira ntchito pothandiza pakhomo, ngati kwawo kuli madokotala ochepa. Lero ndi imodzi mwa sukulu zokhala ndi ophunzira a mitundu yosiyanasiyana kwambiri m'dzikomo.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Osauka achizungu ndi ambiri kuposa osauka akuda, ndiye kuyang'ana umphawi wokha sikubwezeretsa chiwerengero chonse. Imafunanso ndalama: wophunzira wosauka akasankhidwa popanda thandizo la fizi ndi womuwongolera chaka choyamba, amakana malowo kapena kusiyira panjira. Ndipo sukulu imene ikufunadi kusintha iyenera kulolera kuti malikisi apakati a ophunzira ake atsike pang'ono, ngakhale zimenezo ziitsitse pa mndandanda wa sukulu zotchuka.

Ngati inuyo kapena mbale wanu akupempha malo, afunse msanga thandizo la AAMC, bungwe la sukulu za udokotala, lochepetsa mtengo wa MCAT asanalembetse, chifukwa ndalama zolipira kale sabweza. M'kalata yake asangoti "ndine wakuda". Afotokoze chimene chinachitika, chimene iye anachitapo, ndi chimene chinamuphunzitsa pa za odwala, pakuti pa nkhani ya mtundu n'zokhazo zimene osankha akuloledwa kuwerengera.