"Bed in": mawu a bedi amene sanena za tulo

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera kalata pa imelo. Akuti amamva oulutsa mpira wa ku England akunena kuti wosewera watsopano "needs time to bed in", ndipo tsiku lina anawapezanso mawu omwewo pa kapepala ka m'bokosi la mabuleki a galimoto. Funso lawo n'lakuti: bedi ikubwera bwanji pa nkhani ya mpira ndi mabuleki?

Zikomo bambo chifukwa cha funsoli. Yankho lachidule n'lakuti "bed in" ndi kukhazikika, koma kukhazikika kwa mtundu wake: chinthu chatsopano kulowerera pamalo pake pang'onopang'ono mpaka icho ndi malowo zitagwirana, osagwederanso.

Chinsinsi chili pa dzina lakuti "bed". M'Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, "bedd" anali malo ogona, komanso anali kachigawo ka dothi kolimidwa bwino kodzalapo mbewu. Chijeremani chinawalekanitsa matanthauzowa: "Bett" ndi pogona, "Beet" ndi pa dimba. Ife tinabwereka onse awiri m'liwu limodzi. Mlimi wa fodya akati wafesa mabedi atatu ku nazale, palibe amene amaganiza za matiresi. Choncho "bed" ndi chilichonse choyalidwa pansi kuti china chikhalepo. N'chifukwa chake pansi pa mtsinje amati "riverbed", thanthwe la pansi pa dothi amati "bedrock", ndipo matope amene mmisiri amayala asanaike njerwa, aja okhuthala pafupifupi mamilimita 10, amati "mortar bed". Akaikapo njerwa n'kuigogoda ndi chigwiriro cha chipande kuti ikhale bwino, ndiye kuti waichita "bed in". Mneniyu anakulira m'manja mwa amisiri ndi alimi. Andale ndi oulutsa mpira anangomutola pambuyo pake.

Pa mabuleki m'pamene tanthauzo limaoneka bwino kwambiri. Ma pad atsopano, tizidutswa tija timene timapana disiki (chitsulo chozungulira pamodzi ndi tayala) mukaponda buleki, sakhudza disikiyo paliponse, chifukwa nkhope ziwirizi zili ndi timabampu tosaoneka ndi maso. Zimafunika zipekesane mpaka zifanane, ndipo pad isiye kautoto kake kopyapyala kuzungulira disiki yonse mofanana. Kachitidwe kofala ndi aka: pa msewu wopanda anthu, thamangani pafupifupi makilomita 60 pa ola, pondani buleki mwamphamvu ndithu koma osati mpaka matayala kukhukhuluzika, tsikani kufika cha m'ma 10, kenako nyamukaninso osaima. Bwerezani maulendo 8 kapena 10, ndiye muyende mphindi zingapo osaponda buleki kuti zizizire. Manambalawa amasiyana malinga ndi opanga, choncho kapepala ka m'bokosi kaja ndiko kali ndi ulamuliro.

Cholakwika chachikulu ndi kuima njii phazi lili pa buleki zitsulo zikadali moto. Pad imadinda utoto wake pamalo amodzi, ndipo pambuyo pake chiwongolero chimanjenjemera nthawi iliyonse mukaponda. Ambiri amathamangira kunena kuti disiki yapindika, pomwe kawirikawiri vuto ndi chidindo chimenecho. Mukawotcheratu ma pad tsiku loyamba, nkhope yake imasalala ngati galasi, imayamba kulira ndipo sigwira bwino.

Ndiye mukamva kuti wosewera akufunika nthawi yochita "bed in", chithunzi chake ndi chomwechi. Luso ali nalo, koma iye ndi anzake sanapekesane mokwanira kuti adziwane mayendedwe. Chimodzimodzi lamulo latsopano kapena kompyuta zatsopano mu ofesi. Kunena zoona, akuluakulu a ku Britain amawakonda mawuwa mopitirira muyeso, chifukwa ndi njira yaulemu yopemphera kuti musawadzudzule msanga.

Pa kalembedwe, samalani zinthu zitatu. Chilembo cha d chimabwerezedwa: "bedded in", "bedding in". Mneniyu amatha kuima yekha, monga "the new rules have bedded in", kapena kukhala ndi chochitiridwa, monga "bed in the pads". Koma chochitiridwacho chikakhala mlowam'malo, chimalowa pakati: "bed them in", osati "bed in them". Mawuwa ndi a Chingerezi cha ku Britain makamaka. Munthu wa ku America anganene "break in" pa chipangizo ndi "settle in" pa munthu, ngakhale kuti amakanika a kumeneko nawonso amati "bedding" pa mabuleki.

Abale ake asakusokonezeni. "Bed down" ndi kugona pamalo ongoyembekezera, kapena kuyalira hatchi udzu usiku, ngakhale ena amaligwiritsanso ntchito ngati "bed in". "Bed out" ndi kuwokera mbande m'mabedi panja. "Embed" ndi kukwirira chinthu m'kati mwa chinzake, ndipo linamveka kwambiri mu 2003 ponena za atolankhani amene ankayenda ndi magulu a asilikali pa nkhondo ya ku Iraq.

Pali "bed-in" wina wa kamzere pakati, amene yekhayo ndiye amakhudza bedi yogonapo. Mu Marichi 1969, woimba wa ku England John Lennon ndi mkazi wake Yoko Ono anakhala pa bedi sabata yathunthu mu hotela ya Hilton ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, potsutsa nkhondo, ndipo anabwereza ku Montreal, m'dziko la Canada, kumapeto kwa Meyi chaka chomwecho. Dzinalo analiumba potengera "sit-in", zionetsero zongokhala pansi osachoka monga za ophunzira akuda otsutsa tsankho ku Greensboro, m'dziko la America, mu 1960. Limeneli ndi dzina, si mneni, ndipo siligwirizana ndi kapepala kanu ka mabuleki.