Achimwene, gulani siledi ya kumene mudzayendedi

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ku Edmonton kuno ku Canada, mwayenda nyengo ziwiri pa snowmobile (makina oyenda pa sinowo omwe timawatcha siledi) yobwereka m'njira zosalazidwa, ndipo tsopano mukufuna yanuyanu yoti muzipatuka nayo kulowa m'sinowo wosapondedwa. Maso anu ali pa zitatu: Ski-Doo Summit 850 ya turbo ya lamba wapansi wotalika mainchesi 165, Polaris Pro RMK, ndi Ski-Doo Backcountry. Ine ndili ku Calgary ndipo ndakwera masilediwa zaka 7, nthawi zambiri kumapiri a British Columbia. Ndiyankha monga ndingayankhire m'bale wanga weniweni.

Ya turbo ija isiyeni kaye. Ngati mukudziwa kuti muzipitadi kumapiri, tengani Summit 850 wamba ya 154, kapena RMK yofanana nayo ya 155. Ngati Loweruka lanu lambiri lizithera cha ku Whitecourt, Swan Hills ndi Fox Creek, tengani Backcountry ya 146 ndipo simudzadandaula.

Chomwe simunatiuze ndicho chachikulu: mukati kupatuka m'njira, mukunena kuti? Pali kupatuka kwa m'nkhalango za Alberta, komwe mumayenda makilomita ambiri m'njira yolimba kenako n'kukhotera m'dambo louma ndi chisanu kapena m'kanjira ka pakati pa mitengo, sinowo wake wofika m'mawondo. Palinso kupatuka kwa ku Valemount, Revelstoke kapena Golden, komwe mukatsika pa siledi mumamira mpaka m'chiuno, malo ake otsetsereka okhaokha. Izi ndi ntchito ziwiri zosiyana ndipo palibe siledi imodzi yochita bwino zonse. Kuchokera ku Edmonton kufika ku Valemount ndi makilomita pafupifupi 500, mukukoka ngolo pamsewu wa chisanu. Whitecourt ili pamtunda wosakwana makilomita 200. Dzifunseni moona mtima kuti pa nyengo imodzi ulendo wautaliwo mudzauyenda kangati, poganizira ntchito ndi ana. Ukakhala wa kawiri kapena katatu, kubwereka komweko n'kotchipa kusiyana ndi kugula makina a madola pafupifupi 20,000 oti azingokhala m'galaja.

Ndikuumirira zimenezi chifukwa siledi ya m'mapiri imavutika m'njira yolimba. Injini yake imazizira ndi sinowo amene lamba wapansi uja, amene eni ake amati track, amamwaza pa zitsulo zoziziritsira zomwe zili kunsi kwa mpando. Pofuna kuti ipepuke, opanga amachepetsa zitsulozo. Ndiye mukayenda pamalo oundana gwa, sinowo samwazika, kutentha kumakwera, ndipo mumayamba kumva fungo la pulasitiki wopsa kuchokera ku timizere tomwe lambayo amaserereka pamwamba pake. Pali tizitsulo tokanda pansi totchedwa scratchers timene mumatsitsa kuti tizifukula sinowo, timathandiza, koma sitithetsa zonse. Mano a lambayo nawonso ndi aatali, mainchesi 2.5 kapena 3, ndipo mukathamanga nawo kwambiri pamalo olimba amatentha n'kuyamba kuthothoka. Kutsogolo, ma ski ake, omwe ndi mapazi awiri oserereka pa sinowo, ndi oyandikana dala kuti siledi izipendekeka mosavuta. M'phiri chimenecho ndi chabwino. Pokhota m'njira mwaliwiro chimakuchititsani nthumanzi.

Backcountry, kapena mnzake wa ku Polaris wotchedwa Switchback Assault, anapangidwira pakatikati. Lamba wa 146, mano apakati, ma ski otalikiranako. Imayenda tsiku lonse m'njira osatentha, ndipo m'dambo la sinowo wofika m'mawondo imayandama bwinobwino. Kumene imalephera ndi paphiri lotsetsereka la sinowo wakuya, makamaka pakati pa mitengo pomwe muyenera kuyenda chopingasa pang'onopang'ono. Pamenepo imakukanani, imafuna kubwerera pa ma ski onse awiri, ndipo mapewa amatopa msanga.

Tsopano tiyerekeze kuti mtima wanu uli kumapiri ndithu.

Za utali wa lamba anthu amakangana kwambiri. Summit yakhala ikupezeka pa 146, 154, 165 ndi 175. Lamba wautali amayandama kwambiri ndipo amakulolani kuyenda modekha osamira, n'chifukwa chake ena amati ngwabwino kwa ophunzira, ndipo sakunama. Koma amavuta kukhotetsa pamalo opanikizika, ndipo akamira amamira ndi thupi lonse. Kwa munthu wa thupi lapakati, 154 ya mano a 2.5 ndimaiona kuti ndiyo yophunzirira bwino, ndiponso siivutika kwambiri mu sinowo wolimba wa mwezi wa April. Ngati ndinu wojintcha, opitirira makilogalamu 100 musanavale zovala ndi chikwama, kapena muzikonda Boulder Mountain ndi Frisby Ridge ku Revelstoke komwe sinowo amagwa mosaleka, pamenepo 165 ndi yanu. Ya 175 musaiganizire pano.

Ndikuuzeni za kumira, chifukwa m'makanema saonetsa. Tsiku langa loyamba kulowa m'sinowo wakuya ndinachepetsa moto pokwera kamtunda kakang'ono, siledi n'kuima. Ndinapanikiza moto kuti ichoke. Lamba anangokumba dzenje, kumbuyo konse n'kulowa pansi, mphuno kuloza kumwamba. Nditatsika ndinamira mpaka m'chiuno. Makina amenewa amalemera pafupifupi makilogalamu 200 opanda mafuta, ndiye onjezani petulo ndi sinowo wodzaza m'kati mwa lamba. Tinapondaponda mozungulira, kukumba ndi fosholo kunsi kwa popondera mapazi, mnzanga akukoka ski, ine ndikukankha. Pamtunda wa mamita 2,000 mpweya ndi wochepa, mtima umagunda mpaka m'makutu. Thukuta linanyowetsa malaya am'kati, ndipo titangoima kaye linayamba kuzizira pamsana, kunja kuli madigiri 20 pansi pa ziro. Tsiku limenelo ndinamira kasanu. Inunso nyengo yanu yoyamba idzakhala yotero, ndipo kilogalamu iliyonse ya makina mudzaimva m'msana. N'chifukwa chake kumapiri pafupifupi aliyense amakwera injini ya two-stroke, yomwe ndi yopepuka. Za four-stroke zimakhalitsa ndipo zimamwa mafuta bwino, koma kulemera kwake kuli kutsogolo, komwe kumakumizani.

Nkhani ya turbo ili motere. Injini wamba imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse mukakwera mamita 300, chifukwa mpweya ukuchepa. Injini ya Summit, Rotax 850 E-TEC, imapereka mahosipawa pafupifupi 165 kumunsi, ndiye pa mamita 2,000 yatsala cha m'ma 130. Turbo imabwezeretsa mphamvu yotayikayo, ndipo kwa katswiri ndi chinthu chokoma. Koma mahosipawa 130 pa makina opepuka chonchi ndi ochuluka kale kuposa amene mungathe kuwalamulira m'zaka ziwiri zoyamba. Turbo imawonjezera mtengo ndi kulemera, ndipo choopsa kwambiri, imakukwezani pamalo pomwe luso lanu lotsikira silinafike. Ndaona anthu atakwera pamwamba mosavuta n'kuima pamenepo miyendo ikunjenjemera. Ndalama ya turboyo ili ndi ntchito ina imene nditchule pansipa.

Pakati pa Summit ndi Pro RMK, zonse ndi zabwino ndipo musalole munthu akuuzeni kuti ina ndi yachabechabe. Ski-Doo imapangidwa ndi BRP ya ku Valcourt, Quebec, ndipo Polaris inayambira ku Roseau, Minnesota. Kusiyana kuli m'mene zimamvekera m'manja. Pro RMK ndi yopyapyala, lamba wake ndi wa mainchesi 15 m'lifupi, ndipo mukaigoneka chammbali paphiri imagwira mzere wake molimba. Summit, yomwe yambiri ili ndi lamba wa mainchesi 16, imapendekeka mofewa, sifuna mphamvu zambiri kuti muiyambitse kugona, ndipo kwa ine ndiyo imakhululukira wophunzira. Ilinso ndi kabatani kolizira kotchedwa SHOT: mumakoka chingwe kamodzi m'mawa, tsiku lonse n'kumangodina. Mukamira kachisanu manja atalema, kabatani kameneko mumakathokoza. Ku Polaris mukaona dzina loti Khaos, dziwani kuti ndi RMK yokonda kudzutsa mutu, yabwino kuseweretsa, koma poyambira Pro ndiyo yodekha.

Zinthu ziwiri ziyenera kulemera kuposa maganizo anga. Choyamba, wogulitsa amene ali pafupi nanu ndipo amasunga zipangizo. Nyengo ndi yaifupi, ndipo siledi ikakhala masabata atatu kudikira chitsulo chimodzi mu January, chaka chapita. Chachiwiri, zomwe anzanu oyenda nawo amakwera. Belti ya injini ikaduka kutali ndi msewu, mnzanu wa makina ofanana ndi anu ndiye amakupulumutsani, ngakhale kuti yanu yapadera muyenera kunyamula nthawi zonse. Musanalipire, pitani ku Golden kapena Revelstoke, mubwereke Summit tsiku limodzi, RMK tsiku linalo. Thupi lanu lidzakuuzani.

Mukaona zotchipa za makampani ena, dziwani izi. Yamaha inalengeza mu 2023 kuti masiledi ake omaliza ndi a 2025. Arctic Cat ya ku Thief River Falls inalengeza kumapeto kwa 2024 kuti iimitsa kupanga, ndipo mu 2025 inagulitsidwa kwa eni atsopano. Alpha One yawo, ya chitsulo chimodzi pakati pa lamba, ili ndi oikonda ambiri. Ingofunsani kaye za zipangizo ndi wokonza wa kufupi nanu. Ndipo ngati cholinga chikanakhala kukawedza panyanja youndana kapena kukoka nkhuni, ndikanati Skandic ya lamba wa mainchesi 20 m'lifupi kapena Polaris Titan, koma sizomwe mwafunsa.

Tsopano mundimvetsere bwino, achimwene, pakuti apa ndi pamene mtima wanga uli. Ife tonse tikudziwa napolo. Akuluakulu amakumbukira za ku Phalombe mu 1991, ndipo tonse tinaona zomwe phiri la Soche linachita ku Chilobwe mu 2023. Avalanche ndi napolo wa sinowo, koma kusiyana kwake n'kwakuti nthawi zambiri amamudzutsa ndi munthu yemweyo amene akumukwirira, kapena mnzake. Amakonda malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, omwenso ndi malo okoma kukwera. Mu December 2008 kufupi ndi Fernie anafa anthu 8 a ku Sparwood, ndipo sinowo anagumukanso pamene ena ankakumba anzawo. Mu January 2016 ku Renshaw, kufupi ndi McBride, anafa amuna 5, onse ochokera ku Alberta kuno. Sanali anthu osadziwa kukwera. Munthu akakwiririka, sinowoyo amauma ngati simenti, sangasunthe ngakhale chala, ndipo pakadutsa mphindi 10 mpaka 15 mwayi wopezeka wamoyo umatsika kwambiri. Helikopita siingafike m'nthawi imeneyo. Okukumbani ndi anzanu omwe muli nawo pompo.

Ndiye ndalama ya turbo ija ipite uku: kachipangizo kovala pachifuwa kotchedwa transceiver kothandiza kupeza munthu wokwiririka, ndodo yofufuzira, fosholo yachitsulo, ndi chikwama chofufuma cha airbag ngati mungathe. Fosholo ndi ndodo zikhale kumsana kwanu, osati pa siledi, chifukwa siledi ikhoza kukwiririka kwina inu kwina. Lembetsani maphunziro a za avalanche otchedwa AST 1, omwe dongosolo lake ndi la Avalanche Canada, bungwe lomwe likulu lake lili ku Revelstoke. Amatenga masiku awiri, ndipo alipo ophunzitsira pa siledi penipeni. M'mawa uliwonse musananyamuke werengani avalanche.ca. Muyezo wake uli ndi masitepe 5, ndipo musapusitsike ndi 3 poganiza kuti ndi wapakati, ngozi zambiri zakupha zimachitika pamenepo. Paphiri lotsetsereka kwerani mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali pambali, osati kunsi kwake. Mnzanu akamira pakati pa phiri lotere, mtima umafuna kuthamangira kukamuthandiza, koma kukwera pamwamba pake ndi kumene kumagumula sinowo. Ine sindiyenda ndi munthu wopanda transceiver, ndodo ndi fosholo, ngakhale akhale m'bale wanga.

Onaninso mapu a malo oletsedwa. M'mapaki a Jasper ndi Banff simuloledwa kuseweretsamo siledi, ndipo ku British Columbia kuli madera otsekedwa pofuna kuteteza nyama za caribou. Makalabu a ku Valemount ndi Revelstoke amalipiritsa polowera ndipo amasonyeza malire, afunseni.

Pomaliza, siledi yoyamba ndibwino ikhale yogwirapo kale ntchito, ya zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa mudzaigundika pamtengo ndithu. Musangoyang'ana makilomita, pakuti ya m'mapiri imakalamba ndi ntchito yolemetsa ngakhale itayenda pang'ono. Pitani ndi makaniko akayeze kompuresheni ya injini. Gwadani muone ngati mano a lamba ali onse, ngati thupi la aluminiyamu la kumbuyo silinapindike, ndiponso ngati ma ski onse awiri aloza kumodzi. Nambala ya makinawo muifufuze ngati ilibe ngongole. Mukapeza yomwe yakusangalatsani, jambulani lamba, kunsi ndi kutsogolo, mutumize m'gulu muno musanalipire, ndidzaziona. Mukamaliza AST 1 mundiuze, tidzakumane ku Valemount tikayambire pamadambo a ku Allan Creek.