Kuphunzitsa za pulasitiki opanda labu: yambirani pa chinangwa

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a pa CDSS ina kuno ku Nkhotakota. Akuti afika pa mutu wa ma polymer, labu alibe, ana akungokopera manotsi osamva kanthu, ndiye akufunsa ngati zingatheke kusungunula majumbo pa mbaula kuti anawo aone mmene pulasitiki amapangidwira.

Aphunzitsi, chonde majumbo musayike pamoto. Utsi wake ndi woipa pachifuwa, makamaka wa PVC uja wa mapaipi, komanso pulasitiki wosungunuka akadonthera pakhungu amamatirira, chilonda chake sichocheza. Zipangizo zabwino muli nazo kale, kunotu ndi kwao kwa chinangwa.

Tengani chinangwa chachiwisi, musende, musinje, muthire madzi nkufinya pa kansalu koyera, kenako madzi oyerawo muwasiye mu beseni kwa maola angapo. Pansi pakhazikika zoyera mbee, imeneyo ndiye sitachi, ndipo sitachi ndi polymer kale ngati mmene alili pulasitiki, timashuga tambirimbiri tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Madzi apamwambawo tayani ndipo ana asalawe, mukudziwa nokha za chinangwa chowawa. Mu kapoto ikani supuni yaikulu imodzi ya sitachi, masupuni 4 a madzi, kasupuni ka tiyi ka vinega ndi kasupuni kenanso ka glycerine, yemweyu timadzola nthawi yozizira uja. Moto ukhale wochepa, muzitakasa osalekeza, poyamba zimaoneka ngati mkaka kenako mwadzidzidzi zimalimba nkuyamba kuonekera mkati ngati phala lopsa bwino, apo phulani, muyale mopyapyala pa mbale yodzola timafuta ndipo musiye pamthunzi masiku awiri kapena atatu.

Chomwe ndimakonda ine nchakuti magulu asafanane. Gulu lina lisathire glycerine, lina lithire timasupuni ta tiyi tiwiri. Tsiku lomatula, cha gulu loyamba chimathetheka ngati chigoba cha dzira pomwe cha enawo chimapindika ngati jumbo, ndiye ana amayamba okha kukangana kuti chavuta nchani. Pamenepo mpomwe mukalembe mawu oti plasticiser pa bolodi, kutanthauza chofewetsa pulasitiki monga glycerine uja, asanaone musalembe.

Koma muwauze zoona, beseni la kunyumba kwao silichokera ku chinangwa. Mapulasitiki ambiri amachokera ku mafuta okumba pansi ndi gasi, ndipo woyamba wopangidwa ndi makemiko okhaokha anali Bakelite, anapanga Leo Baekeland mu 1907. Kufakitale pulasitiki amafika ali timibulu ngati mpunga, amatisungunula nkukankhira mu chikombole, mwana aliyense amene anaumbapo njerwa amva msanga. Atembenuze beseni aone kachipsera pakati, ndi pomwe pulasitiki analowera. Botolo la madzi amachita kulipopa ndi mpweya mkati mwa chikombole ngati baluni, paipi ndiye amangoitulutsa pa bowo mosadukiza nkumadula.

Tsiku lina ana atoleretu zinyalala za pulasitiki pamsika kapena kunyanja, atsuke, afufuze kanambala kali mu katirayango kaja. Manambalawa anayamba mu 1988 ku America: 1 ndi PET wa mabotolo a zakumwa, 2 ndi HDPE wa zigubu, 4 ndi LDPE wa majumbo ambiri ofewa, 5 ndi PP wa ndowa ndi mabeseni ambiri. Adule tizidutswa aponye mu ndowa ya madzi, ka botolo kamira, ka chotsekera chake kayandama, ndipo ndi mmenenso okonzanso mabotolo amasiyanitsira awiriwa. Botolo lathunthu limanamiza chifukwa cha mpweya uli mkatimo, nde adule ndithu.

Za lamulo musadumphe. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi) mu 2015, makampani anakasuma, Supreme Court inagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo, komabe majumbo aja tikuwaonabe mpaka mmphepete mwa nyanja momwe asodzi amayanikamo usipa. Kuti aone vuto la majumbowa, ana akwirire kachidutswa ka pulasitiki wa chinangwa uja ndi ka jumbo pa dothi lonyowa kuseri kwa kalasi, azithirira, pakatha mwezi akafukule nkulemba zomwe apeza.

Za ndalama, glycerine ndi vinega botolo limodzi limodzi zikwanira kalasi yonse, mbaula ndi poto bwerekani kunyumba. Pamoto mukhale inuyo kapena ana awiri amene mukuwakhulupirira, enawo aime chapatali pang'ono.