Madiresi oyenda nawo m'chigwa cha Shire

Achemwali, mwafunsa kuti popeza ntchito yakusamutsirani ku Nchalo kuchokera ku Blantyre, mutenge madiresi otani ovala tsiku ndi tsiku, nanga ndi malo ati omwe mungapite nawo anthu osakuyang'anani kawiri. Ine ndakhala ku Ngabu zaka zingapo, ndiye pepani ndilemba zambiri.

Musayambe ndi sitayilo, yambani ndi nsalu. Mukangotsetsereka mapiri aja n'kufika pa Thabwa mudzamva nokha kuti mpweya wasintha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo usiku khoma limakhala likadali lofunda. Chaka changa choyamba ndinapita ku chinkhoswe nditavala diresi lonyezimira la poliyesita, la lainingi m'kati. Pomwe ankhoswe amapatsana nkhuku, ine linali litamata kumsana konse, thukuta litajambula mapu m'khwapa, moti ndinathera kuseri kwa nyumba ndikudzikupiza ndi mbale. Mpaka lero lili pansi pa sutikesi.

Choncho mukapita pa kaunjika, tembenuzani diresilo muwerenge kansalu kolembedwa kaja. Likakhala la thonje, tengani. Kakakhala kuti kanadulidwa, finyani nsaluyo m'dzanja: ya thonje imatsala yokwinyika, poliyesita imabwerera myaa ngati simunaikhudze. Zoseketsa zake n'zakuti thonjelo timalima konkuno, koma timakalisaka m'mabelo ochokera kunja. Kapena gulani chitenje chabwino, telala akusokereni lotaya, ndipo mumuuziretu kuti asaike lainingi, chifukwa ambiri amaika osafunsa.

Kutalika kwake lipitirire mawondo. Sindikunena za lamulo lija la 1973 loletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, limenelo linapita titalowa m'ndale za zipani zambiri. Ndikunena za kabaza. Kuno ulendo wambiri ndi wa panjinga, ndipo diresi lothina kapena lalifupi limakwera lokha mukangokhala pa kaliyala. Lalitali kwambiri lofika m'mapazi nalonso limakodwa m'masipoko. La pakati pa bondo ndi kakolo ndiye lamtendere.

Diresi lotere mungapite nalo kumsika, kuchipatala, kokacheza kwa anzanu, ngakhale kuntchito ngati lili ndi timanja komanso silionetsa chifuwa. Latizingwe tam'mapewa lisiyeni la pakhonde panu. Ku tchalitchi limalowanso likakhala lochapa bwino ndi kusita, ngakhale mipingo imasiyana, ina imafuna duku kumutu. Funsani amayi a pampingopo Lamulungu loyamba lisanafike.

Koma chimene chimasandutsa diresi wamba kukhala loyenera paliponse ndi chitenje cha m'chikwama. Musachoke pakhomo opanda chimenechi. Uthenga wa maliro umakupezani muli kuntchito, ndipo simungakakhale pamphasa pakati pa amayi ndi diresi lokha, kaya ndi lalitali bwanji. Mumangomanga chitenje pamwamba, duku kumutu, ndolo zazikulu n'kuvula, basi mwakonzeka. Chimodzimodzi kwa amfumu kapena kwa apongozi, kumene mudzagwada popereka moni. Pamenepa akuluakulu, Amang'anja ndi Asena omwe, sayang'ana kuti diresi munagula ndalama zingati, amayang'ana ngati mwamanga nsalu. Ndaonapo mlendo wovala zodula akubwerekedwa chitenje chakale ndi agogo ena pa siwa, mwakachetechete, iye manyazi ali gwa.

Kumene diresi wamba silikwanira ndi ku ukwati ndi ku chinkhoswe. Kumeneko nthawi zambiri eni ake amasankha chitenje chimodzi choti abale ndi anzawo asoketse, ndiye mukaitanidwa funsani msanga ngati pali yunifomu. Pakapanda, valani losoketsa labwino, loti muvine nalo popereka perekaniperekani osaopa kuti zipi iphulika.

Za mtundu, ena amati zoyera zimathandiza padzuwa. N'zoona, koma ku Nchalo ganizani kawiri. Nyengo yodula nzimbe amayamba awotcha minda, ndipo timaphulusa takuda timagwa ngati mvula yowaza, pa chingwe choyanikira zovala pomwe. Onjezanipo fumbi la m'chilimwe, ndi madzi a m'mijigo ina omwe ndi amchere, sopo sachita thovu bwino. Loyera limatuwa miyezi yochepa. Ine ndimakonda lamaluwamaluwa, losada kwambiri, ndipo ndimayanika chotembenuza pamthunzi kuti dzuwa lisadye mtundu.

Madzulo udzudzu ndi wosayamba, makamaka kufupi ndi mtsinje, ndiye lalitali la manja aatali limodzi likhalepo. Juzi imodzi yopepuka ikukwanirani Juni ndi Julayi. Majekete a ku Blantyre aja agawireni abale musanakwere minibasi, angokudyerani malo m'chikwama.