Mwana wanu si mbuli, mayi, anangomuyambitsira kumapeto

Mayi wina andilembera pa imelo kuti mwana wawo wa Sitandade 7 analoweza kuti voliyumu ya bokosi (kukula kwa malo a m'kati mwake) ndi mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi kuchulukitsa ndi msinkhu, koma funso likangotembenuzidwa pang'ono amangoti kakasi. Akufunsa chochita.

Mayi, kalata yanu yandikhudza chifukwa inenso ndinaphunzira choncho, kuimba ndi pakamwa m'mutu mulibe kanthu. Amene ananditsegula maso ndi malume anga oumba njerwa, amene sukulu sanapite nayo patali. Wogula akabwera, iwo sankawerenga njerwa imodziimodzi. Ankayenda m'mbali mwa mulu chala chili pa njerwa: mzere umodzi 20, mizere ya pansi 5, ndiye kuti pansi pagona 100. Kenako ankaweramuka n'kuwerenga kuti asanjikiza kangati. Kasanu ndi katatu? "800 izi, bwana." Wogula akakayikira ankamuuza kuti aphwasule awerenge yekha. Samu yomwe inkandiliza m'kalasi ndi yomweyi, malume ankaichita manja ali matope okhaokha.

N'chifukwa chake ndikunena mosapsatira kuti kupatsa mwana lamulo la samuyi asanadzazepo bokosi ndi manja ake n'kumulakwira. Aphunzitsi sindikuwada ayi. Munthu ali ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, mayeso a MANEB akumuthamangitsa, achite bwanji? Koma ife makolo tisamaombe m'manja mwana akangolakatula. Kulakatula si kudziwa. Mwana wotereyu akadzakula adzamubera pa mchenga, adzamuberanso pa thanki ya madzi. Ndi angati mwa ife akudziwa kuti thanki ya mita imodzi mbali zonse imalowa malita 1,000, zigubu 50 za malita 20? Chonsecho madziwo timagula tsiku ndi tsiku!

Ndiye muchite chiyani?

Umbani naye timabuloko ta dongo tofanana, ta mbali zonse zolingana, tiume. Mupatseni kakatoni, ayale pansi pokha, awerenge. Asanapitirize mufunseni kuti asanjikiza kangati kuti kadzaze, ndipo tonse tikhala tingati. Akatha, sanjani timabuloko 24 m'njira zosiyana, 2 × 3 × 4 kenako 6 × 2 × 2, aone yekha kuti maonekedwe asintha koma kuchuluka n'komweko. Rula ibwere pambuyo pake, muyambe ndi bokosi la masentimita 10 mbali zonse, lomwe limalowa lita imodzi ndendende.