Funsani Dokotala: Nsima ya nyemba ingamange thupi la mwana?

Funso: Adokotala, kwathu nyama timadya mwa apo ndi apo. Masiku ambiri imakhala nsima ya nyemba kapena masamba otendera. Achimwene anga amene amanyamula zitsulo akuti tikusowa ma amino acid, ndiye ndizigula ufa wa m'mabotolo umene iwo amamwa. Nkhawa yanga ili pa mwana wanga wa zaka ziwiri. Ndigule? (Mayi wa ku Kasungu)

Yankho: Mayi, ndalamayo mukagulire usipa ndi mazira. Achimwene anuwo akunena chinthu chenicheni, koma mankhwala ake si botolo.

Mapuloteni a m'thupi mwathu, kaya a minofu, magazi kapena chitetezo cholimbana ndi matenda, amapangidwa ndi tizidutswa ta mitundu 20 totchedwa amino acid. Mitundu 11 thupi limadzipangira lokha. Mitundu 9 yotsalayo silingathe, iyenera kuchokera m'mbale. Ndi iyi: histidine, isoleucine, leucine, lysine, methionine, phenylalanine, threonine, tryptophan ndi valine. Musavutike kuiloweza. Kwa ife odya nsima, yofunika kuisamala ndi iwiri, lysine ndi tryptophan, chifukwa m'chimanga imapezekamo yochepa. Umodzi ukaperewera, thupi limalephera kugwiritsa bwino ntchito inayo, ngati mmisiri amene njerwa zili mulu koma simenti yamuthera. Mwana amakhuta ndithu, koma msinkhu osayenda.

Apa ndi pamene ndiwo zimagwira ntchito yake. Nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya zili ndi lysine wambiri, pomwe methionine amene amachepa mu nyembazo amapezeka m'chimanga. Zikakumana zimakwaniritsana, n'chifukwa chake Likuni Phala amasakaniza chimanga ndi soya. Sizichita kufuna kudyedwa nthawi imodzi, bola tsiku lomwelo. Nsinjiro ndi zabwino, zimapatsa mphamvu, koma pa lysine sizifika pa nyemba, choncho masamba otendera okha tsiku ndi tsiku sakwanira. Mazira, mkaka, usipa, matemba ngakhale ngumbi zili ndi mitundu yonse 9 pamlingo wabwino.

Tryptophan ali ndi ntchito inanso: thupi limapangira vitamini wa niacin. Zonse ziwiri zikasowa pamabwera pelagra, matenda odetsa ndi kukakalitsa khungu pakhosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa, otsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala matendawa kuno ku Malawi, mtedza utasiya kufika m'chakudya chimene ankalandira n'kutsala kudalira ufa wa chimanga.

Chimene ndimadandaula nacho kwambiri ndi kagawidwe ka ndiwo pakhomo. Mwana amapatsidwa nsima yonyowetsa ndi msuzi, nyemba zenizenizo n'kupita kwa akuluakulu. Mapuloteni ali mu nyembamo, mu msuzi muli ochepa zedi. Muzimuphwanyira nyembazo kuti adye. Phala lake likhale la mgaiwa, chifukwa pokonola timataya kamtima ka chimanga komwe kali ndi mapuloteni abwinopo, ndipo muzithiramo ufa wa soya wokazinga, dzira kapena usipa wosinja. Mimba yake ndi yaing'ono, ndiye azidya katatu pa tsiku ndi kena kotolatola pakati.

Kwa munthu wamkulu, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pamafunika pafupifupi magalamu 0.83 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti magalamu 50, ndipo dzira limodzi limapereka pafupifupi 6. Ufa wa achimwene anuwo mwana musamupatse, ndiponso amene ali ndi vuto la impso asayambe kumwa asanaonane ndi dokotala.

Pitirizani kupita naye kusikelo. Mukaona mapazi akutupa, tsitsi likufiira ndi kuthothoka, kapena mwana wangoti zii osafuna kusewera ngakhale kudya, musadikire tsiku la sikelo, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.